Nthawi ya Kuti?

Pali anthu amene dzina lawo lenileni limangokhala pa chiphaso, kunja kuno n'kumayenda ndi lina. Mayi amene amasunga detabesi pa kampani ina yochapa nsalu za mahotela ndi mmodzi wa anthu otere. Kuyambira mlonda wa pageti mpaka azimayi osita kuseri, onse amamutchula kuti Yakuti, ndipo iye amayankha ngati anabadwa nalo.

Mutakumana naye pamsewu simungacheuke. Ndi wamfupi, amayenda ngati wasiya mkaka pamoto, ndipo m'thumba la juzi yake simusowa kaburashi kopentera. Kaburashiko ndi ka ntchito. Kachipinda kamene amagwiriramo ntchito kale kanali kosungiramo sopo, ndipo kali khoma limodzi ndi makina oumitsa nsalu, choncho tiulusi ta matawulo timauluka tsiku lonse n'kukatsamwitsa fani ya seva, kompyuta yaikulu imene imalira pansi pa tebulo lake. Lolemba lililonse amagwada n'kuisesa pang'onopang'ono ngati akupesa mwana wa mutu wa zilonda. Oimba amalembedwa, osewera mpira amalembedwa, ngakhale wakuba mbuzi amatuluka m'nyuzipepala ndi chithunzi chomwe. Nanga munthu wogwadira seva ndani anamulembapo? Si chilungamo chimenecho, ndipo nkhani ino yabwera kudzakonzako pang'ono.

Detabesi, kwa amene sanaimvepo, ndi nkhokwe ya m'kompyuta. Thumba la nsalu zakuda likalowa pageti limalembedwa mmenemo. Matawulo oyera akatuluka amalembedwa. Galimoto ya kampani ikaliza injini nayonso imalembedwa, chilichonse pamodzi ndi nthawi yake. Ntchito ya Yakuti ndi kuonetsetsa kuti nkhokweyo isamaname.

Dzinalo analipeza ali kamtsikana kongoyamba kumene kuwerenga. Bambo ake ankagwira ntchito yomanga misewu kudziko lina, ndipo anatumiza uthenga kuti aziimba Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, sikisi koloko madzulo, pa foni ya pagolosale ya kumapeto kwa msewu wawo. Tsikulo amayi anasambitsa ana awo awiri n'kuwadzoza mafuta mpaka kunyezimira, ngati bamboyo akawaonera mu waya. Atafika, mwini golosale anati, "Mwachedwa, mayi. Aimba kale, katatu konse." Mwezi wachiwiri chimodzimodzi. Pofika wachitatu amayi anali atagamula kale mlandu mumtima mwawo: munthuyu akuimbira dala nthawi yoti asatipeze, ndiye kuti kumeneko kuli wina womuchapira malaya.

Ali chiimire pakauntala, misozi ili lendelende, kamtsikana kaja kanawakoka siketi.

"Amayi, kodi sikisi yakeyo ndi ya kuti? Ya kuno kapena ya kumene kuli bamboko?"

Mwini golosale anaseka mpaka kugwira shelefu. Kenako kuseka kuja kunayamba kuphwa, n'kuyang'ana wotchi yake ya pakhoma ngati akuiona koyamba. Mwezi wotsatira anapita kudakali ola lathunthu, ndipo foni inalira asanakhale n'komwe pansi. Banja linapulumuka, mwana n'kutsala ndi dzina. Anthu akamati "tidzakumane nthawi yakuti" amangotanthauza nthawi ina yake, iliyonse imene mupangane. Iye anawadula mawuwo pakati n'kuwasandutsa funso, ndipo mpaka lero sanasiye kulifunsa.

Makolo onse awiri anamwalira iye asanamalize sukulu, motero anakulira m'manja mwa achemwali ake, amene anali atangokwatiwa kumene ndi dalaivala wa pakampani yomweyi. Mlamu wakeyo anzake amawatchula a Ndafika, chifukwa ukawaimbira kufunsa kuti ali pati, yankho ndi limodzi, "Ndafika," ngakhale akadali kunyumba akufunafuna nsapato ina. A Ndafika ndi amene anamupezera ntchito yoyamba, yosankha matawulo, kuti a hotela iyi asasakanikirane ndi a hotela iyo. Akaweruka ankapita kukaphunzira kompyuta, manja atasuwa ndi sopo. Pamene kampani inkagula seva, anthu amene anabwera kudzaiika anadabwa kuti mtsikana wa matawulo ndiye akufunsa mafunso ovuta, ndipo pochoka anasiya makiyi a kachipinda ka sopo m'manja mwake.

Ali ndi khalidwe limodzi limene anzake ankamuseka nalo. Uthenga uliwonse wolowa mu detabesi amausunga pawiri: mmene pulogalamu yaumvera, ndi mmene unalembedwera kumene wachokerako. Akamuuza kuti akungodzaza makina ndi zinyalala, iye amati, "Munthu akakuuza kuti *akuti*, usathamange. Kafunse kaye kuti mwini wake anati chiyani."

Vuto linabwera ndi kazitape. Ndi mmene madalaivala amatchulira kachipangizo komangidwa kuseri kwa chiwongolero, kamene kamaulula kumene galimoto ili ndi nthawi imene injini yalira kapena kuzima. Kazitape wa m'galimoto ya a Ndafika anafa, kampani n'kugula wina wotchipa, wa mtundu wina, wochokera kutsidya kwa nyanja. Makaniko anamumanga, Yakuti anamulumikiza ku detabesi, nthawi zinayamba kulowa, ndipo panalibe chimene chinadandaula.

Galimoto ya a Ndafika inkagona kunyumba kwawo, chifukwa m'mawa ankayambira kumahotela kukatenga nsalu zakuda. Lamulo linali limodzi: kunja kwa nthawi ya ntchito, galimoto isasunthe. A manejala analigwiritsitsa lamuloli chifukwa chaka chinacho dalaivala wina anagwetsera galimoto mu ngalande atanyamula simenti ya mnzake Loweruka, ndipo a inshuwalansi anakana kulipira. Si munthu woipa, a manejalawo. Kungoti ofesi yawo ili m'tauni, kochapira amabwerako mwa apo ndi apo, ndipo madalaivala amawadziwira pa lipoti la kumapeto kwa mwezi, limene limangosonyeza pamene injini inalira koyamba ndi pamene inazima komaliza.

Lachitatu lina anatulukira atachita tsinya, laputopu ili m'khwapa, n'kuima pakhomo pa kachipinda ka sopo chifukwa mkatimo simukwana anthu awiri.

"A Yakuti, mlamu wanu mumagwirizana naye bwanji?"

"Timapatsana moni, bwana."

"Ndiye mukamupatse moni wabwino, chifukwa mawa m'mawa ndikufuna makiyi anga." Anatsegula laputopu n'kuiika pamwamba pa mafayilo. "Taonani. Munthu akuyamba ntchito hafu pasiti leveni, galimoto ikukagona hafu pasiti eyiti usiku. Mwezi wathunthu. Lachiwiri ndi Lachisanu ndi masiku okhawo amene amakumbukira kuti analembedwa ntchito, amanyamuka bwinobwino hafu pasiti eyiti m'mawa. Madzulo onsewa amanyamula za ndani?"

"Pali hotela imene yadandaula kuti nsalu zikuchedwa?"

"Mahotela onse ndi anzake, zaka zonsezi akuwaseketsa. Ine ndikukhulupirira makina anuwa, mayi. Si inu munandiuza kuti sanama?"

"Ndinati ndimayesetsa kuti asaname. Ndipatseni mpaka mawa."

"Mpaka mawa. Koma chilichonse chimene mundiuze, ndizikumbukira kuti ndi mlamu wanu."

Atachoka, Yakuti anatsala yekha, makina oumitsa nsalu akugunda khoma kumsana kwake. Nkhani sinali ya makiyi okha. Achemwali ake impso zinali zitasiya kugwira ntchito, ndipo ankakhalira moyo makina otsuka magazi a kuchipatala chachikulu, kawiri pa sabata. Chimene chinkalipira makinawo ndi sikimu ya chipatala ya kuntchito kwa a Ndafika. Ntchito ikatha, sikimu yatha. Ndipo dalaivala wa imvi wochotsedwa ntchito chifukwa chobera galimoto, ndani angamulembe?

Anayang'ananso lipoti lija. Chimene chinamukola ndi hafuyo. Tsiku lililonse hafu pasiti, hafu pasiti, ngati belu la kusukulu. Ulesi ulibe wotchi. Munthu waulesi lero achedwa pang'ono, mawa kwambiri, mkucha alawirira chifukwa chikumbumtima chamuluma. Ndipo a Ndafika, amene moyo wawo wonse sanafikepo pamene anenera kuti afika, akanatha bwanji kuchedwa mwadongosolo chonchi?

Apa mpamene zinyalala zake zija zinagwira ntchito. Anatsegula mauthenga mmene anachokera kwa akazitape, asanamasuliridwe. Akazitape akale onse ankamaliza nthawi ndi manambala, osonyeza kuti wotchi yawo ili patsogolo ndi maola angati pa wotchi imene dziko lonse linagwirizana kuti liziyambirapo kuwerenga. Nambala siikhala ndi matanthauzo awiri. Koma watsopanoyu ankamaliza ndi zilembo zitatu basi: IST.

Pali chinthu chimene kusukulu saphunzitsa, chikhalirecho n'chofunika kuposa mayina a mitsinje. Zilembo zofupikitsa nthawi zilibe mwini mmodzi. Pali maiko atatu amene mayina awo m'Chingerezi amayamba ndi I, ndipo lililonse limalemba nthawi yake ndi zilembo zomwezo, pamene mawotchi awo ndi osiyana. Pulogalamu ya detabesi ikakumana ndi zilembozi siimika dzanja kufunsa. Amene anaipanga anaisankhira kale tanthauzo limodzi, ndipo imatenga limenelo mwakachetechete. Yakuti anafufuza kuti yake inasankhiridwa tanthauzo liti. Inasankhiridwa dziko limene wotchi yake pa zilembo zimenezi imafanana ndendende ndi ya kwawo kwa Yakuti. Choncho nthawi ya kazitape inkalowa osasunthidwa ngakhale mphindi imodzi, itavala malaya a nthawi ya kumudzi. Koma kazitapeyo ankanena nthawi ya kumene anapangidwa, kumene dzuwa limatuluka kudakali maola atatu ndi theka.

Manyazi anamugwira kumaso. Anamulumikiza ndi manja ake omwe kazitapeyo, iye amene dzina lake ndi funso, ndipo sanafunse.

Sanakhudze detabesi yeniyeniyo. Anakopera mwezi wonse pambali, n'kuuza pulogalamu tanthauzo loyenera la zilembo zija. Nthawi zonse zinabwerera m'mbuyo pamodzi ngati asilikali. Hafu pasiti eyiti usiku inasanduka faifi koloko madzulo, nthawi yoweruka. Hafu pasiti leveni inasanduka eyiti koloko m'mawa. Anawomba m'manja kamodzi yekhayekha, mpaka mayi wina wosita anasuzumira kufunsa ngati wapha udzudzu.

Kenako maso ake anagwera pa Lachiwiri ndi Lachisanu, masiku abwino aja amene a manejala anawayamikira. Nawonso anali atabwerera m'mbuyo. Injini inkalira faifi koloko m'bandakucha.

Anatsegula mapu, ngakhale mumtima ankadziwa kale. Mzere wofiira unachoka panyumba pa achemwali ake, n'kudutsa pamsika, n'kukathera pageti la chipatala chachikulu. Achemwali ankati kuli neba wina wachifundo amene amawanyamula masiku amenewa. Yakuti sanafunsepo dzina la nebayo, mwina chifukwa sankafuna kulimva. Bodza la makina linkanamizira mlamu wake madzulo, koma bodza lomwelo ndi limene linkamufunditsa m'mawa.

Ataweruka sanapite kwake. Anapeza a Ndafika akutsuka galimoto panja, atapinda thalauzi mpaka m'maondo, ndowa ili pambali.

"Mkazi wanga wamng'ono wafika," anatero. "Wabwera kudzandipulumutsa kapena kudzanditsanzika?"

"Zonse ziwiri, alamu. Tiyeni m'nyumba."

Achemwali anali pampando wa pawindo, miyendo yotupa atayisanjika pa kasitulu, kakapu kawo ka madzi oyezedwa kali pafupi. Yakuti anafotokoza za zilembo zitatu, za maola atatu ndi theka. A Ndafika anamenya ntchafu.

"Ndimadziwa ine. Kazitape wobwera uyu, maso ake sanandisangalatse chiyambire."

"Alibe maso, alamu."

"Ndiye vuto lake limenelo."

"Sindinathe," anatero Yakuti. "Madzulo onse ayera. Koma Lachiwiri ndi Lachisanu galimoto ikuoneka pachipatala kusanache." Anatembenukira kwa achemwali ake. "Neba wachifundo uja ali bwanji?"

A Ndafika anayang'ana zala zawo za kumapazi zimene zinali zikadali zonyowa.

"Neba ndine," anatero. "Minibasi yoyamba imafika mzere utakhota kale. Ukachedwa makina adzaza, akubweza. Ndinamuona kamodzi atabwezedwa, mmene anagonera usiku umenewo. Ndiye ndinati galimoto ili panjapa, mafuta ndithira anga."

Achemwali sanayang'ane amuna awo. Anayang'ana mng'ono wawo.

"Ndiye ukonze madzulowo, m'mawawo uwasiye mmene alili."

"Ndi chingwe chimodzi choyanikira, achemwali. Mukakoka mbali ino, zovala zonse zimasuntha."

"Usandiuze za chingwe, iwe. Sizitheka, kapena sukufuna?"

Yakuti akanatha kunena kuti sizitheka. Panalibe m'nyumbamo wodziwa kusiyanitsa seva ndi wailesi, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma iye ndi munthu amene amasunga mawu mmene mwini wake anawanenera.

"Zitheka," anatero. "Ndingathe kulemba chilichonse mmenemo, palibe angadziwe. Koma sindichita."

"Mwamva, bambo a kuno? Zitheka koma sachita."

"Mawa akadzanamizira wina, mlonda kapena mayi wosita, ndidzamuteteza ndi chiyani ndikakhala kuti ine ndemwe ndinayamba kuthira mchenga m'nkhokwe? Lero ndikutha kuwayeretsa alamu madzulo chifukwa sindinakhudzepo kanthu mmenemo."

"Mlonda ndi m'bale wako? Ndinakulera ine, osati kompyuta. Nsabwe zako ndinkazipha ndi zala izi." Mawu awo sanakwere. "Akamuchotsa ntchito ameneyu, magazi anga udzatsuka ndi chiyani? Ndi sopo wa kuntchito kwakoyo?"

Yakuti anangokhala m'mphepete mwa sofa, manja ali pakati pa maondo, ngati kamtsikana kamene kanalowa m'nyumbamo kalekale ndi chikwama chimodzi.

A Ndafika anawerama n'kutsitsa miyendo ya thalauzi lawo, umodzi, kenako wina.

"Musiye mwanayu," anatero. "Galimoto anaba si iye. Mawa iwe mlamu ukanene za madzulo. Za m'mawa ndikanena ndekha, kamwa langa lisapitiriridwe ndi kazitape."

Yakuti anatsanzika. Achemwali anali akuyang'ana pawindo.

M'mawa mwake a manejala anafika naini koloko isanakwane. Yakuti anali ataganiza usiku wonse za mawu awo aja, akuti azikumbukira kuti ndi mlamu wake, ndipo anaona kuti mawuwo ndi oona. Choncho sanawapemphe kuti amukhulupirire. Anatulutsa laputopu panja, n'kuiika pa boneti ya galimoto ya a Ndafika, pakati pa bwalo pamene amatsitsira matumba.

"Bwana, makiyi munawafuna aja ndi awa. Lowani mulize injini nokha."

"Ndi masewera anji amenewa?"

"Mphindi imodzi yokha."

A manejala analowa, n'kupotokola kiyi. Injini inatsokomola, n'kulira. Azimayi osita anali atadzaza kale pakhomo la kuseri, wina atanyamula thawulo loti azioneka ngati ali pantchito.

"Wotchi yanu ikuti bwanji?"

"Naini koloko."

Yakuti anatembenuza laputopu. Mzere watsopano unali utangolowa kumene.

"Detabesi ikuti mwaliza injini hafu pasiti thwelofu. Mwachedwa ntchito, bwana."

Pakhomo paja wina anabisa kuseka m'thawulo. A manejala anayang'ana wotchi, sikirini, wotchinso.

"Ndiye makina anu ananama."

"Anamva molakwika, ndipo wolakwa ndine, sindinafunse polumikiza. Zili ngati kutuma mwana kuti kapereke kwa amalume, pamene amalume alipo atatu. Mwana sabwerera kudzafunsa. Amathamangira kwa amalume amene anawazolowera, n'kubwera akumwetulira kuti ndapereka." Anawaonetsa zilembo zitatu zija, kenako mwezi wonse utakonzedwa, galimoto ikukagona faifi koloko tsiku ndi tsiku.

A manejala anatsika, n'kupita kumene kunaima a Ndafika, amene tsiku limenelo anavala malaya oyera a kutchalitchi.

"Madala, ndinakuganizirani zoipa. Pepani." Anatambasula dzanja.

A Ndafika sanaligwire.

"Dzanjalo lisungeni kaye, bwana, mwina mulifuna pondilozera geti. Lachiwiri ndi Lachisanu lija munandiyamikira, ndi pamene ndimaba galimoto yanu."

Ananena zonse, osakometsa: impso, mzere, minibasi yochedwa, mafuta othira okha. Kuseka kwa pakhomo kuja kunatha, azimayi n'kuyamba kubwerera mkati mmodzimmodzi. A manejala anapita pa laputopu, n'kutsitsa chala pa masiku awiriwo sabata ndi sabata. Panalibe chobisika. Zonse zinali pomwepo, faifi koloko, faifi koloko.

"Inu mumadziwa zimenezi, a Yakuti?"

"Ndadziwa dzulo. Ndikanadziwa kale ndikanafuna."

"Ndipo mwandibweretsera zonse."

"Ndi mmene zinachitikira, bwana."

A manejala anazungulira galimoto kamodzi, n'kuponda tayala lakumbuyo ngati likhoza kuwapatsa nzeru.

"Madala, bwanji simunandipemphe?"

"Mukanalola?"

"Ayi."

"Ndiye mwaona."

Injini inali ikulirabe chifukwa panalibe anakumbukira kuizimitsa. Yakuti anali atachita mbali yake, ndipo zotsalazo sizinali mu detabesi iliyonse.

"Inshuwalansi sidziwa impso," anatero a manejala pamapeto pake. "Mukanagunda munthu m'bandakucha, kampani ino ikanatseka, azimayi onsewa kunyumba. Ndikulemberani chenjezo, ndipo ndi lomaliza. Kuyambira lero galimoto izigona pano, muzibwera kudzaitenga m'mawa ngati wina aliyense." Anazimitsa injini, n'kusolola kiyi, n'kuwaponyera. "Ntchito yanu ilipo. Nsalu za kuhotela zikudikira, mwachedwa kale."

A Ndafika anawakha makiyi ndi manja awiri. Anafuna kunena kanthu koseketsa, mmene amachitira, koma anangolowa m'galimoto.

Masana omwewo Yakuti anakonza detabesi yeniyeni, n'kuika pakhomo pake lamulo lakuti nthawi iliyonse yobwera ndi zilembo zokha iziimitsidwa kaye mpaka munthu aione. Analemberanso kampani yopanga kazitape kuipempha kuti izitumiza manambala m'malo mwa zilembo. Yankho lawo linabwera laulemu kwambiri, lodabwa pang'ono: zilembozo n'zodziwika, aliyense amadziwa kuti ndi nthawi ya kwawo. Analiwerengera azimayi osita pa nthawi ya tiyi, ndipo wamkulu wawo anati amuna ake nawonso amakhulupirira kuti iwo akamva njala ndiye kuti dziko lonse ndi masana.

Koma ntchito kupulumuka sikunasunthe chipatala. Mawa lake linali Lachisanu, ndipo galimoto inali itatsekeredwa kale kuseri kwa geti. Yakuti amakhala m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa sitolo ya mankhwala, kumene munthu wodwala atha kuyenda pang'onopang'ono n'kukafika pachipatala mzere usanayambe. Anaimbira achemwali ake, foni inangolira osayankhidwa. Anatumiza uthenga wakuti Lolemba ndi Lachinayi azidzagona kwake. Uthengawo unasonyeza kuti wawerengedwa, koma yankho silinabwere.

Anasesabe chipinda. Anasintha nsalu za pabedi, n'kudziyalira yekha mphasa pansi pafupi ndi chitseko. Anaphika chakudya chopanda mchere, mmene adokotala ananenera, n'kuchivundikira. Dzuwa litapendeka anakhala pasitepe, akuyang'ana minibasi iliyonse imene inkaima pakona.

Ina inaima nthawi yaitali kuposa zinzake. Anatsika a Ndafika, chammbuyo, atanyamula chikwama ndi pilo, kenako n'kutambasula mkono kuthandiza akazi awo. Yakuti anathamangira, koma achemwali anamudutsa ngati mtengo wa magetsi. Anakwera masitepe awiriwo akupuma movutika, n'kuima pakati pa chipinda. Anayang'ana mphasa ya pansi, mbale zovundikira, mawaya a makompyuta okolekedwa pamsomali. Anapita pabedi n'kulidina ndi chibakera kawiri.

"Bedi lako ndi lolimba ngati mutu wako," anatero.

Anavula nsapato, n'kuuza amuna awo kuti abweretse pilo.